Mng'alu umene ndinauwotcherera katatu

Pali mng'alu umodzi umene ndinauwotcherera katatu, ndipo katatu konseko unabwerera. Papita zaka, ndagwira ntchito m'malo ambiri, koma mpaka lero ndikaona chumuni chachitsulo patali, maso anga amayamba ayang'ana kunsonga kwake, kenako n'kutsikira patsinde.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 24, ndikuwotcherera pa fakitale ina ya tiyi ku Thyolo. Boyila yathu inkadya nkhuni za bulugama usana ndi usiku, ndipo utsi wake unkatulukira pa chumuni chatsopano chachitsulo, chotalika mamita 30, chachikulu mita imodzi kupingasa kwake. Tinachiimika mvula itangotsala pang'ono kuyamba. Zitsulo zogwiriziza patsinde, zimene zimalumikiza chumuni ndi chimbale chomangidwa ndi mabawuti pa simenti, ndinawotcherera ndine. Ndinkanyadira nazo. Mlendo akabwera ku wekishopu ndinkafuna adutsire kumeneko.

Dzinja lonse chinaima nji. Mu Januwale kunabwera chimphepo chimene chinasasula madenga kumalayini a antchito n'kugoneka nthochi zonse pansi, koma chumuni sichinatekeseke. Tonse tinati ntchito yagwirika.

## Mlonda ndiye anayamba kuona

Meyi atafika, chiperoni chinayamba monga mwa masiku onse, kamphepo kozizira kochokera cha ku Mozambique ndi mvula yamawawa yosanyowetsa msanga. Mlonda wausiku anabwera ku wekishopu m'mawa wina, atafunda bulangete, n'kunena kuti chumuni chimavina usiku. Anthu anamuseka. Wina anamufunsa chimene anamwa.

Madzulo ake ndinapita ndekha. Ndinaima patsinde n'kuyang'ana kumwamba, ndikuyerekeza nsonga ya chumuni ndi m'mphepete mwa denga la boyila. Inkayenda. Inkapita uku n'kubwerera uku, mtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, mosafulumira komanso mosaphonya. Makwerero achitsulo omwe anali m'mbali mwake ankalira kuti kwe, kwe, kwe. Nditaika dzanja pa chitsulo ndinamva ngati ndagwira pachifuwa pa ng'ombe. Mphepo yake inali yoti chipewa sichingachoke pamutu.

Kumapeto kwa mweziwo tinapeza mng'alu. Unali wautali ngati chala, wopyapyala ngati tsitsi, m'mphepete mwenimweni mwa pamene ndinawotcherera. Dzimbiri lofiira linali litatsetsereka kuchokera pamenepo.

A kapitawo anandiitana pamaso pa anthu.

"Iwe, ntchito yako ndi imeneyi? Ndodo zako zowotcherera zinali zonyowa?"

"Ayi bwana, ndinaziumitsa mu uvuni usiku wonse."

"Nanga mng'aluwu wagwa kuchokera kumwamba?"

Ndinalibe choyankha. Ndinatenga gilayinda, ndinakumba mng'alu wonse mpaka chitsulo choyera, ndinaboola timabowo kunsonga zake kuti usapitirire, ndinawotcherera mizere itatu, uliwonse ndikuugogoda ndi kuupukuta. Patatha milungu itatu unatulukira pambali pomwepo. Ndinakonzanso kachiwiri, unabweranso. Kachitatu ndinapempha zitsulo zokhuthala kuwirikiza kawiri, ndinazimata kuzungulira tsinde lonse ngati ndikumanga mwendo wothyoka. Mng'alu unangokwera n'kukatulukira pamwamba pa zitsulo zatsopanozo, ndipo wina unayamba mbali inayo.

A kapitawo anandiuza kuti ukabweranso, nditenge zanga. Kunyumba mayi a kwathu anali ndi pathupi pa mwana wathu woyamba. Tulo ndinalibe. Usiku ndinkadzuka n'kutenga tochi kupita kukaunika patsinde pa chumuni, mlonda uja akundiyang'ana osanena kanthu. Ena ankandinong'oneza kuti pali amene sakukondwa ndi ine pantchitopo, ndipite ndikaombeze. Munthu ukathedwa nzeru umamvera zilizonse, ndipo ndinali nditayamba kale kufunsa mtengo wa ulendowo.

## Madala ndi wotchi yawo

Pakati pa Julayi akuluakulu a fakitale anaitana injiniya wina wopuma pantchito, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri kumigodi ya ku Copperbelt, ku Zambia. Tonse tinkangowatchula kuti Madala. Anafika m'mawa kukuchita chiperoni, atavala jekete lakale, ndipo a kapitawo anawatengera molunjika pa mng'alu. Iwo anangouyang'ana pang'ono, n'kubwerera m'mbuyo kukakhala pa mgolo, maso ali kumwamba.

Patapita nthawi anandikodola.

"Mphwanga, ndiwe wowotcherera uja? Tenga wotchiyi. Ine ndikati yamba, uwerenge kuti nsongayo ikupita n'kubwerera kangati pa mphindi imodzi."

Ndinawerenga 61. Anati ndibwereze. Ndinapeza 59. Kachitatu 60.

"Tsopano tayang'ana utsi. Ukupita kuti?"

Ndinaloza. Utsi unkalowera chakumpoto kumadzulo, kumene chiperoni chimaukankhira nthawi zonse.

"Nanga chumuni chikugwedezekera kuti?"

Apa ndinakhala chete. Miyezi iwiri yathunthu ndinali ndikuyang'ana chumuni chimenechi usana ndi usiku, koma sindinaonepo kuti sichinkatsata utsi. Chinkapita cham'mbali, mopingasa mphepo. Anandizungulitsa patsinde n'kundionetsa kuti ming'alu yonse inali m'mbali ziwirizo. Kumene mphepo imamenya ndi kumene imathawira kunali kwabwinobwino, ngakhale kuti konseko ndinawotcherera ndine, tsiku limodzi, ndi ndodo za paketi imodzi.

Kenako anapempha kachidutswa kamene ndinadula pokonza kachiwiri. Anakapukuta ndi mpango n'kundipatsa kagalasi kokulitsa zinthu. Pamene panang'ambikapo panali posalala, ndipo panali timizere topindika totsatizana ngati tapachigoba cha nkhono. Munalibe timabowo ta mpweya kapena zinyalala za ndodo. Anati chitsulo chimene chathyoka ndi mphamvu imodzi chimakhala chokhakhala ngati nzimbe yothyola pabondo, koma ichi chinkang'ambika pang'onopang'ono, ndipo kamzere kalikonse ndi pamene mng'alu unapumira usanapitirire.

## Pa ngalande

Anandiuza kuti nditenge paipi yopyapyala yotalika kufika pachifuwa, chingwe cha khonje, ndi fumbi la tiyi lodzaza m'thumba la malaya. Tinatsikira ku ngalande imene inkabweretsa madzi ku fakitale kuchokera ku damu. Madzi ake anali akuya kufika m'chiuno, oyenda mwakachetechete, opanda mafunde.

"Imiritsa paipiyo m'madzimo. Usaifinye, ingoigwira kumutu ndi dzanja limodzi."

Nditangoiviika inayamba kunjenjemera m'dzanja langa. Sinkangokokedwa kutsata madzi ayi, inkagunda kumanja ndi kumanzere, mofulumira, ngati nsomba yagwidwa pa mbedza. Ndinayesa kuilimbitsa, koma kugundako kunkafika mpaka m'chigongono.

Madala anagwada n'kuwaza fumbi la tiyi kumtunda kwa paipiyo. Fumbilo linafika pa paipi, linagawikana pawiri, ndipo kuseri kwake ndinaona chimene sindidzaiwala. Kumanja kunapangika kamvuluvulu wamng'ono, anakula, n'kuthothoka kupita ndi madzi. Asanapite patali, kumanzere kunapangika wina wozungulira mobwerera, nayenso n'kuthothoka. Kenako kumanja. Kenako kumanzere. Ankatsetsereka m'mizere iwiri, motalikirana mofanana, ngati mapazi a munthu pa mchenga wonyowa. Ndipo aliyense akamathothoka, paipi inkagunda m'dzanja langa.

"Wawaona? Kumwambaku kuli omwewa, kungoti mphepo ilibe fumbi la tiyi."

Anatenga paipi ija, anaikulunga chingwe cha khonje mopendekera kuchokera pansi mpaka pamwamba, monga mmene nyemba zimayangira pa phesi la chimanga, n'kumanga mfundo kunsonga zonse. Anandibwezera. Nditaiviikanso ndinadikira kugunda kuja, koma kunangotsala kunthunthumira kosalongosoka. Fumbi la tiyi kuseri kwa paipi linkangovundukavunduka popanda mizere. Chimene ndinamva m'malo mwake n'chakuti madzi ankaikoka paipiyo mwamphamvu kuposa poyamba. Ndinawauza zimenezo.

"Eya, usaiwale chimenecho, tidzachifuna," anatero. Kenako anapukuta manja pa thalauza n'kundiyang'ana. "Mng'alu uja si wako, mphwanga. Ngakhale akanawotcherera amene anakuphunzitsa ntchito, ukanabwera basi."

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa ngalandemo, paipi ili pamiyendo. Miyendo inalibe mphamvu. Iwo anandisiya, anayamba kukwera okha kubwerera ku fakitale. Funso la a kapitawo lija linandibwerera m'mutu, loti kodi mng'alu wagwa kuchokera kumwamba. Unkachokeradi kumeneko, mamita 30 pamwamba pa pamene ine ndinkakumba ndi gilayinda.

## Masamu a choko pa simenti

Ku wekishopu Madala analemba ndi choko pansi, anthu titazungulira. Anati chinthu chobulungira ngati paipi, waya kapena chumuni chikakhala mumphepo, kuchuluka kwa magulu a akamvuluvulu amene amathothoka pa sekondi kumapezeka mosavuta: utenge liwiro la mphepo, uchulukitse ndi 0.2, ugawe ndi kukula kwa chinthucho. Chumuni chathu chinali mita imodzi. Mphepo ya mamita 5 pa sekondi ikuchipatsa kumanja ndi kumanzere kamodzi pa sekondi iliyonse. Ndipo ine ndinali nditawerenga ndi pakamwa panga kuti chumunicho, mwa kutalika ndi kulemera kwake, chimapita n'kubwerera ka 60 pa mphindi.

Mamita 5 pa sekondi ndi makilomita 18 pa ola. Ndi liwiro la wakabaza pa msewu wosakwera. Chiperoni chimatha kuomba motero usiku wonse osasintha.

Aliyense amene anakankhapo mwana pa katungwe akudziwa zotsalazo. Sipafunika mphamvu. Ukamukankha ndi zala ziwiri zokha, koma pa nthawi yake, amafika kunthambi. Ukamamukankha kasanu asanabwerere n'komwe, umangomusokoneza ndipo sapita patali. Chimphepo cha mu Januwale chija chinali chotero: chinali champhamvu, koma kugunda kwake kunali kofulumira kwambiri komanso kosinthasintha, kosagwirizana ndi kayendedwe ka chumuni. Choipanso n'chakuti chumuni chikangoyamba kuyenda, akamvuluvulu amayamba kutsatira kayendedwe kake. Kuyambira pakati mpaka kunsonga onse amathothoka nthawi imodzi ngati amayi osinja mu mtondo umodzi, ndipo ngakhale mphepo ikwere kapena kutsika pang'ono, mgwirizanowo suduka msanga.

Kenako anawerengera. Kamodzi pa sekondi ndi ka 3,600 pa ola. Usiku wa maola 10 ndi ka 36,000. Mwezi umodzi wa usiku wotero wadutsa kale miliyoni. Tonse amene tinali pamenepo tinapangapo magalimoto a mawaya tili ana, ndipo palibe amene anali ndi pulayala. Waya tinkaupinda uku ndi uku mpaka utenthe m'zala n'kuduka. Zitsulo zokhuthala zimene ndinamata kachitatu zija zinangosuntha malo opindikira.

## Munthu wina ku Göttingen

Zaka zingapo pambuyo pake, nditakhala ndi foni ya intaneti, ndinayamba kufufuza za nkhaniyi usiku ana akagona. Nambala ija ya 0.2 ili ndi dzina la Vincenc Strouhal, wasayansi wa ku Czech amene mu 1878 ankazunguza mawaya mumpweya n'kumayeza kulira kwake. Kulira kwa mawaya amagetsi kukamaomba mphepo, kapena kwa kamtengo ukakazunguza mwamphamvu, ndi akamvuluvulu omwewa, kungoti waya ndi wopyapyala ndiye amathothoka mazanamazana pa sekondi mpaka khutu kumva ngati nyimbo. Mizere iwiri ija imene ndinaiona pa ngalande imatchedwa ndi dzina la Theodore von Kármán wa ku Hungary, amene anaifotokoza ndi masamu mu 1911 ali ku Göttingen, ku Germany.

Koma amene anandikhudza mtima ndi munthu wina wosatchuka, Karl Hiemenz. Iyeyu anali wophunzira wa Ludwig Prandtl, mphunzitsi wamkulu wa za kayendedwe ka madzi ndi mpweya pa yunivesite ya ku Göttingen komweko. Anapatsidwa ntchito yoika chitsulo chobulungira mu ngalande ya mu labotale n'kuyeza mmene madzi amachilambalalira. Madziwo anakana kudekha, ankangogwedezeka kuseri kwa chitsulocho. Prandtl anamuuza kuti ndiye kuti chitsulo chako sichinabulungire bwino. Hiemenz anachikonza mosamala kwambiri. Madzi anagwedezekabe. Anamuuzanso kuti mwina ngalande yako ndi yokhota, ndipo anayamba kuikonza. Von Kármán ankadutsa m'mawa uliwonse n'kumufunsa ngati madzi adekha, ndipo iye ankayankha mwachisoni kuti akugwedezekabe. N'zimene zinachititsa von Kármán kuganiza kuti mwina vuto si manja a munthu, ndi khalidwe la madziwo.

Ndinawerenga nkhani imeneyi kawiri, kenako ndinazimitsa foni n'kukhala mumdima. Ndinkamuona munthuyo akupala chitsulo chake madzulo anzake atapita, akudzifunsa kuti walakwitsa pati. Ndikudziwa mmene m'mimba mumamvekera nthawi imeneyo.

## Malamba atatu

Mankhwala ake Madala anawajambula pa pepala limodzi. Anati tiwotcherere malamba atatu achitsulo, oimirira cham'mbali, oyanga mozungulira chumuni. Lamba aliyense atuluke masentimita 10, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa chumuni. Azungulire kamodzi pa mamita 5 aliwonse. Atatuwo atalikirane mofanana. Ndipo aikidwe kumtunda kokha, mamita 10 omalizira, chifukwa kumeneko n'kumene mphepo imagwira mwamphamvu ngati munthu wogwira khasu kunsonga kwa mpini. Anati nzeruyi si yawo, inachokera kwa Christopher Scruton ndi mnzake Walshe a ku National Physical Laboratory ku Teddington, ku England, mu 1957, ndipo pa Chingerezi amati helical strakes. Ife tinkangoti malamba.

A kapitawo sanakhutire, ndipo ine ndinkawamvetsa. Anati chinthu chikuvutika kale ndi mphepo, inu mukuti tichiikenso mapiko? Madala anavomera kuti ndi zoona, mphepo idzachikankha kwambiri kuposa kale. Anandiuza kuti ndifotokoze zimene ndinamva m'dzanja pa ngalande. Ichi n'chimene anthu ambiri okamba za malambawa amachidumpha: sachepetsa kukankha kwa mphepo, amakuwonjezera. Chimene amachotsa ndi kugunda kwa uku ndi uku. Kukankhidwa mbali imodzi chitsulo chimapirira zaka zambiri, bola tsinde likhale lokwanira. N'chifukwa chake tsiku lonse lotsatira Madala anakhala akuwerengera mabawuti ndi simenti ya pansi, ndipo pomaliza analamula kuti tiwonjezere mabawuti ena.

Mmene malambawa amagwirira ntchito n'zosavuta ukaziona ndi maso. Pa chumuni chosalala, mphepo imasiyana ndi chitsulo pa mzere umodzi wowongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndiye kamvuluvulu amakhala mmodzi wamtali, wothothoka nthawi imodzi. Lamba amakakamiza mphepo kusiyana ndi chitsulo pamphepete pake pakuthwapo, ndipo popeza akuzungulira, pamphepetepo pali malo ena pa mita iyi, malo enanso pa mita yotsatira. Apa akukankhira kumanja, apo kumanzere, pena sanayambe n'komwe. Akamvuluvulu alipobe, koma aliyense akuimba yake. Ndipo poti malambawo azungulira mbali zonse, mphepo ichokere kulikonse imawapeza.

Tinazimitsa boyila, kireni inabwera kuchokera ku Blantyre, tinagoneka chumuni pa migolo. Kujambula mzere wozungulira pa chinthu chobulungira kunandidya mutu mpaka Madala anandionetsa njira: tinalemba timadontho ta choko pa masentimita owerengeka aliwonse, n'kukulunga chingwe chopaka choko kudutsa pa timadonthoto, n'kuchikoka kuti chisiye mzere. Chitsulo chowongoka sichingayange chili choimirira, ndiye tinadula tizidutswa topindika ngati mwezi watsopano kuchokera pa chitsulo chathyathyathya cha mamilimita 6, n'kumatipotoza pang'ono pa vayisi, kamodzikamodzi, mpaka kakhale bwino pa mzere. Ndinkagwiriziza ndi timadontho, mnzanga akugubuduza chumuni pang'ono, ine n'kuwotcherera. Tinatha masiku 9. Tsinde lonse tinalidula n'kuikapo latsopano, ndipo Madala anaumirira kuti awotcherere ndine. Ananena zimenezi a kapitawo ali pomwepo.

## Kuyambira pamenepo ndimaziona paliponse

Eriyo ya galimoto imene ili ndi kawaya kokulunga mozungulira ndi malamba omwewa, kuti isamalire muluzu pa liwiro. Mapaipi aatali otsikira pansi pa nyanja kumene amakumba mafuta amawaveka malamba chifukwa madzi oyenda amawagwedeza ngati paipi yanga ija. Tizitsulo tokhala ngati mitu iwiri tolendewera pa mawaya akuluakulu amagetsi pafupi ndi nsanja tikulimbana ndi vuto lomweli, ngakhale kuti ito sitisintha mphepo, timangomeza kugwedezekako.

Chimene chinandivuta kwambiri kuvomereza, ine munthu wa gilayinda, n'chakuti kusalala si bwenzi la mphepo nthawi zonse. Mu 1914 Prandtl yemwe uja anakulunga kawaya kopyapyala pa mpira wosalala, chakutsogolo pang'ono kwa pakati pake, ndipo mphepo inayamba kuukankha mochepa kuposa poyamba. Kawayako kamavundula mpweya woyandikana ndi mpira, mpweya wovundukawo umakakamira pa mpira mpaka chakuseri, ndipo dera la mpweya wosokonekera kumbuyoko limachepa. Ndi dera limenelo limene limakokera chinthu m'mbuyo. Timaenje ta pa mpira wa gofu timachita ntchito yomweyo, ndipo mpira wa timaenje umauluka mtunda pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi wosalala. M'zaka za m'ma 1950 Anatol Roshko wa ku yunivesite ya Caltech ku America anaonetsa njira inanso: kuika chitsulo chopyapyala kuseri kwa paipi, ngati mchira, kuti akamvuluvulu a kumanja ndi a kumanzere asaonane. Kukankha kumachepa, kugunda kumachepanso. Koma mchira umafuna mphepo yochokera mbali imodzi, ndiye pa chumuni sungathandize.

Omanga nyumba zitalizitali amasewera ndi zomwezi. Taipei 101 ku Taiwan, ya mamita 508, ngodya zake anazidula ngati masitepe, ndipo mphamvu ya mphepo yofuna kuipinda patsinde inatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Shanghai Tower, ya mamita 632, ndi yopotoka madigiri 120 kuchokera pansi kufika pamwamba. Burj Khalifa ku Dubai, ya mamita 828, imachepa kukula kwake mosinthanasinthana ikamakwera, kuti pasapezeke magawo ambiri ofanana amene akamvuluvulu ake angagwirizane. Ndikaona zithunzi zake ndimaona chingwe cha khonje pa paipi.

Chimene ndimakondera njira zimenezi n'chakuti zilibe injini. Sizidikira magetsi, sizifuna mafuta, palibe kachipangizo koitanitsa ku Johannesburg n'kudikira miyezi itatu. Ukawotcherera bwino n'kupaka penti, zimagwira ntchito usiku uliwonse wa chiperoni popanda wozidzutsa. Kwathu kuno chimenecho si chaching'ono.

Koma ndaonanso anthu akuzitengera pamwamba. Ndinapezapo chumuni china atachikulunga kachitsulo kamodzi kobulungira konga chala, pa chumuni chachikulu kuposa chathu chija, ngati chokongoletsera. Ndinaonanso china ataika malamba abwinobwino koma osakhudza tsinde, kuiwala kuti tsopano chikukankhidwa kwambiri. Ndipo machumuni awiri akaimikidwa moyandikana, chakumbuyo chimalandira mphepo yovundulidwa kale ndi chinzake, moti malamba okha sangadalirike. Pamafunika munthu wokhala pa mgolo ndi wotchi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kusukulu ya ntchito zamanja anatiphunzitsa bwino za kulemera ndi kukankha, kuti chikafooka uwonjezere chitsulo, koma za kugwedezeka sanatiuzepo. Ndipo mng'alu wa chitsulo chotopa umakonda kutulukira m'mphepete mwa powotcherera, chifukwa m'pamene mphamvu zimaunjikana. Ndiye wolakwa amaoneka msanga, ndi uja wavala chigoba kumaso. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito masiku ano, akabwera ndi mng'alu wobwerezabwereza, sindiwalola kugwira gilayinda tsiku loyamba. Ndimawatuma akaone kuti chinthucho chikuyenda bwanji, kangati pa mphindi, ndiponso kulowera kuti.

## Kapu ya tiyi

Tinachiimikanso sabata yoyamba ya Ogasiti. Masiku anayi kunali bata, dzuwa lili phwee, ndipo palibe chimene tikanadziwa. Usiku wachisanu ndinadzidzimuka ndi phokoso la nthambi padenga. Ndinavala jekete n'kutuluka. Mawawa anali atayamba, nyali za fakitale zikuoneka mwa chizimezime.

Mlonda uja ndinamupeza ataima kale patsinde, bulangete lili kumutu. Sanandipatse moni. Anangotenga kapu yake ya tiyi n'kuikhazika pa chimbale cha mabawuti, ine n'kuunikapo ndi tochi. Kale tiyi akanayamba kupendekera uku ndi uku mpaka kutayikira. Tinayang'ana mphindi yathunthu. Pamwamba pa tiyi pankangogwera timadontho ta mvula. Makwerero anali zii. Kumwamba utsi unkapita chakumpoto kumadzulo monga kale, ndipo mphepo podutsa m'malamba inkamveka ngati munthu akupuma ndi pakamwa.

"Chasiya," anatero mlondayo, n'kutenga kapu yake kumwa.

A kapitawo sananenepo kanthu za nkhaniyi, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mwezi wotsatira anandipatsa ntchito yowotcherera mapaipi a nthunzi, imene sankapatsa munthu wamba. Madala sindinawaonenso. Pochoka anandisiyira pepala lija la malamba, ndipo kuseri kwake analemba ndi pensulo kuti chaka chilichonse mvula isanayambe ndizikayesa mabawuti onse ndi sipanala, makamaka a mbali imene chimphepo cha dzinja chimachokera. Ndinachita zimenezo zaka zisanu ndi chimodzi mpaka pamene ndinachoka, ndipo pochoka ndinamuonetsa amene analowa m'malo mwanga bawuti iliyonse, n'kumukopera pepalalo pamanja. Lenilenilo lili m'chikwama changa cha zitupa, lathimbirira ndi mafuta m'mphepete, pamodzi ndi khadi la sikelo la mwana wathu amene anabadwa Okutobala wa chaka chimenecho.